Benchi ya kwa Nangozo

Ndimaweruka atambala atatopa kale kulira,
chibonga m'khwapa, tochi itatha mabatire,
chikhotho chikununkha utsi wa makatoni
amene ndawotha usiku pakhonde la golosale ya eni.
Dafuleni ndiye amakhala akungodzuka kumene,
manthongo akadali m'maso,
akudikira malole a kachewere ochokera ku Tsangano.
Timakumana kwa Nangozo.
Tiyi yemweyo, kwa iye ndi kadzutsa,
kwa ine ndi mgonero.

Lizulu wa mu Juni sadziwa chibale.
Chifunga chimatsika n'kukhala pamsewu ngati mwini malo,
uku Malawi, uko Mozambiki, konse kuli mbuu.
Ukangomva fungo la mafuta, dziwa wafika.
Kanyumba ka malata anayi, chiwaya chakuda bii,
Nangozo atamanga duku mpaka m'makutu
akuponya timibulu ta ufa pamoto.
Tchwee! Timamira, kenako tibwera pamwamba titatupa
ngati masaya a mwana womanidwa.

Kale tinkagula anayi, aliyense awiri.
Ufa utakwera tinatsikira pa atatu,
lachitatulo n'kumalidula pakati.
Chaka chino mandasi aonda ngati ife tomwe
ndipo shuga amathira yekha mwiniwake,
supuni imodzi yosadzaza, diso lili pa ife.

Tinayambana Lolemba.
Nkhani yake faifi sauzande
imene ndinamukongoza mwana wake ali kuchipatala ku boma.
Ndinaitchula pagulu, tulo tili m'mutu,
iye anangoika kapu pansi, tiyi asanafike ndi pakati pomwe.
Lachiwiri anakhala kumapeto kwenikweni, atandifulatira.
Lachitatu anamwera panja choimirira,
akuuzira kapu ngati ndiyo yamulakwira.
Koma benchi ya kwa Nangozo siifuna munthu mmodzi.
Ukakhala kunsonga wekha, imanyamuka.
Ndinagwa nayo chagada, tiyi yense pa buluku,
ana asukulu anaseka mpaka kukafika pa siteji.

Lachinayi tonse tinafika, aliyense ndi mphuno yake.
"Latsala limodzi," anatero Nangozo,
chonsecho beseni lili kumbuyo kwakeko,
lovundikira ndi chitenje, likufuka nthunzi,
lodzaza mpaka m'milomo.
Anaika ndasilo m'mbale imodzi pakati pa benchi
n'kubwerera ku chiwaya chake
akung'ung'udza kanyimbo ka ku Mvano
ngati munthu wosadziwa kanthu.

Tinaliyang'ana. Nalo linatiyang'ana.
Lole inaliza hutala kumsika, Dafuleni osadzuka.
Galu wa pabutchala anabwera, nakhala pansi,
naye kudikira chigamulo.
Tiyi anayamba kuzizira, m'mimba mukulira,
ndipo njala ilibe manyazi ngati eni ake.
Ndinagwira mbali iyi, iye mbali iyo.
Linang'ambika mokhota, monga achitira mandasi,
chachikulu n'kupita kwa iye.

Anachitembenuza, anachiyeza ndi maso,
anabenthula kansonga
n'kukaponya m'kapu mwanga, chubwi.
"Yatsala folo sauzande naini handiredi,"
anatero osaseka n'komwe.
Ndinatsamwa. Nangozo anagwira m'nthiti.
Galu anaona kuti palibe chake, nachoka.

Dzuwa litaboola chifunga
iye anakoleka thumba lopanda kanthu paphewa,
ulendo kukasenza kachewere wa anthu.
Ine ndinalunjika kunyumba
kukagona pamene dziko likudzuka,
zala zikunyezimira mafuta, kukhosi kukutentha bwino.

Potuluka ndinasuzumira m'kope la ngongole.
Makapu awiri ndi ndasi limodzi
Nangozo anali atalemba pa dzina limodzi.
Sindinafunse kuti ndi la yani.
Mawa ndi Lachisanu, tsiku lolipira,
tidzakangana pomwepo, titakhala,
wina uku, wina uko,
benchi ili phee.